Laputopu ikuzima yokha: mmisiri woti ndimupatse ndingamudziwe bwanji?

Nachisale: Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru. Laputopu ya HP, ya sikirini ya mainchesi 15.6, yogula kwa ogulitsa zakale zochokera kunja, ikumangozima yokha ikagwira ntchito mphindi 20 kapena 30, makamaka poonera vidiyo. Wokonza wina atangomva pafoni akuti bodi, thabwa lalikulu la mkati lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo, yapita. Wina akuti tingoifomata basi, kufufuta zonse n'kuikamo Windows mwatsopano. Mkatimo muli zithunzi za banja ndi ntchito za kusukulu za mwana. Mmisiri woti ndimusiyire mtima uli m'malo ndingamudziwe bwanji?

Che Jafali: Achemwali, awiri onsewo asiyeni kaye. Matenda a kompyuta sadziwika pafoni, ndipo kufomata sikuchiza makina ozima okha motere. Zimene mwafotokozazi zikuloza kutentha. Purosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, ikatentha imayamba yachepetsa liwiro, ikayandikira madigiri 100 imazimitsa makina onse kuti isapse. N'chifukwa chake ikuzima pa vidiyo osati pongolemba kalata.

Musanapite kulikonse, ikani pulogalamu yaulere ya Core Temp kapena HWMonitor. Laputopu ikangokhala osagwira kanthu iyenera kuonetsa madigiri pafupifupi 40 mpaka 55. Kenako tsegulani vidiyo muziyang'ana nambalayo. Ikadutsa 90 n'kumakwerabe, vuto mwalipeza. Ikaninso dzanja potulukira mpweya. Fani ikamalira kwambiri koma mpweya ukutuluka pang'ono, ndiye kuti fumbi lapanga kabulangeti pakati pa faniyo ndi timalata toziziritsa. Fani ikakhala chete osazungulira n'komwe, ndiye yafa kapena yagwidwa. Mukadziwa zimenezi, mayankho a mmisiri ndi amene adzakuuzani ngati ndi mmisiri kapena wongoyerekeza.

Bambo a Yamikani: Zoona. Ndiwonjezere kuti mukafika pashopu musanene kuti "ndikuganiza kuti ikutentha". Mungofotokoza zimene ikuchita, n'kukhala chete. Wodziwa ntchito amafunsa: inayamba liti, imazima ili pa chaja kapena pa batire, inagwapo, inathiridwapo madzi kapena tiyi, mumaigwiritsa ntchito pa tebulo kapena pa matiresi. Amene sanafunse chilichonse koma watchula kale mtengo, ameneyo wapima thumba lanu, osati kompyuta.

Mayi Gondwe: Ine nkhawa yanga ili pa zithunzi ndi ntchito za mwanazo. Fani imagulidwa, zithunzi za ukwati sizigulidwa. Popeza ikuyaka mphindi 20, zimenezo n'zokwanira kukopera pang'onopang'ono. Iikeni pa tebulo, muikweze kumbuyo ndi mabuku awiri kuti mpweya uzilowa pansi, muziyamba ndi mafoda ofunika kwambiri: Documents, Desktop, Pictures, Downloads. Koperani pa fulashi kapena pa hadi disiki ya panja, foda imodzi imodzi, kuti ikazima pakati mudziwe pomwe munalekezera. Mukamaliza tsegulani mafayilo angapo pa kompyuta ina kuti muone ngati akutseguka. Ambiri amazindikira kuti fulashi inali yabodza tsiku limene laputopu yafomatidwa kale.

China, onani ngati disiki ili yokhomedwa ndi BitLocker, loko ya Windows yotetezera mafayilo. Pa Windows 11 zimachitika kuti imadzikhoma yokha mwini wake osadziwa. Mmisiri akasintha bodi kapena akasintha zina mu BIOS, pulogalamu ya mu bodi yoyatsira makina, kompyuta imafuna kiyi ya manambala 48. Kiyiyo nthawi zambiri imakhala mu akaunti yanu ya Microsoft. Ilembeni papepala musanapereke makina. Popanda kiyiyo palibe mmisiri aliyense angatsegule mafayilowo, kaya ndi katswiri wotani.

Nachisale: Zikomo mayi. Nanga pasiwedi? Mmodzi mwa okonza aja anati ndimuuze pasiwedi kuti athe kuyesa.

Madala Phiri: Pamenepo musamuweruze msanga. Akapanda kulowa mu Windows adziwa bwanji kuti yasiya kuzima? Ntchito ina imafuna pasiwedi ndithu.

Mayi Gondwe: Madala, ntchito ya fani ndi kutentha safunika kulowa mu akaunti ya mwini. Mmisiri wokonzeka amakhala ndi fulashi yakeyake yoyatsira kompyuta, ya Linux kapena ya zida zoyesera, ndipo amatenthetsa purosesa kuchokera pamenepo osakhudza disiki. Komanso makina ambiri ali ndi poyesera pawopawo: pa HP mumadina Esc kenako F2 ikangoyaka, pa Dell ndi F12 n'kusankha Diagnostics. Zimenezi zimayesa RAM (memori yogwirira ntchito) ndi disiki popanda pasiwedi ya munthu.

Pomwe ndikugwirizana nanu ndi pa mavuto a Windows yeniyeniyo, monga ma driver (timapulogalamu toyendetsa zipangizo) kapena vairasi. Apo mutsegulireni akaunti ina yatsopano yoti agwiritse ntchito, yanuyo ikhale yokhoma. Musanatero tulukani mu Gmail, Facebook ndi WhatsApp Web, ndipo muchotse mapasiwedi osungidwa mu Chrome. Ngati vuto ndi la sikirini, kiyibodi, mahinji kapena polowetsa chaja, mungathe kupempha kuti achotse disiki inu mukuona, mupite nayo kunyumba. Woona mtima sakhumudwa ndi pempho limeneli. Ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'mafayilo a munthu popanda chilolezo, koma lamulo limabwera zithunzi zitafalikira kale pa magulu.

Madala Phiri: Chabwino, pa akaunti yapaderayo tagwirizana.

Bambo a Yamikani: Tsopano nkhani ya kusinthanitsa zipangizo, yomwe anthu amaidandaula kwambiri koma umboni alibe. Jambulani zinthu izi ndi foni musananyamuke:

Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager, mupite pa Performance. Pa Memory muona kukula kwa RAM, liwiro lake, ndi kuchuluka kwa timipata tomwe muli RAM. Pa Disk muona dzina ndi mtundu wa disiki. Jambulani zonsezo. Tembenuzani laputopu mujambule nambala ya siriyo ili pansi. Ikani CrystalDiskInfo, ikuonetsani nambala ya siriyo ya disiki ndi maola amene yagwira ntchito chiigulire. Za batire, tsegulani Command Prompt mulembe powercfg /batteryreport. Lipotilo limaonetsa Design Capacity, mphamvu imene batire inabadwa nayo, ndi Full Charge Capacity, imene yatsala nayo lero. Ikabwera kuchokera kwa mmisiri nambala yachiwiriyo itatsika ndi theka, batireyo si yanu.

Chaja nayonso muijambule, kapena muilembe dzina ndi chikhomo chotentha kapena penti wa zikhadabo. Chaja yeniyeni ndi imene imasinthidwa mosavuta chifukwa ambiri sayang'ana akamalandira.

Che Jafali: Pa chaja pomwepo. Anthu ambiri auzidwa kuti bodi yafa pomwe yafa ndi chaja. Laputopu yosayaka n'komwe, mmisiri weniweni amayamba ndi mita: ayeze ngati chaja ikutulutsa mavoti olembedwa pamsana pake. Ma HP ndi ma Dell ambiri ndi 19.5, ma Lenovo ndi 20, ma Acer ndi ma Asus ambiri ndi 19. Kenako achotse batire ndi chaja, agwire batani loyatsira masekondi 30, ayese ndi chaja yokha. Kenako achotse RAM, apukute timano take, abwezeretse imodzi imodzi. Akatha zonsezi m'pamene angayambe kukamba za bodi. Pashopu pomwe simukuona mita n'komwe, pali masikuludilaiva ndi mafulashi a Windows okha, pamenepo ndi poikitsa mapulogalamu, si pokonzetsa makina.

Za ma Dell: pulagi yake ili ndi kasingano pakati komwe kamauza laputopu kuti chaja ndi ya mawati angati. Kakathyoka, kapena chaja ikakhala yabodza, laputopu imayaka koma batire salowa moto ndipo makina amayenda mwaulesi. Wosadziwa akugulitsani batire yatsopano, vuto n'kukhalabe pomwepo. Machaja aja okhala ndi mitu yambiri ndi kabatani kosinthira mavoti ndi oopsa: kabataniko kakasuntha kufika pa 24, mwawotcha bodi.

Nabanda: Nanga zoti amawotcha bodi ndi mpweya wotentha n'kuyaka, n'zoona? Ndamva ena akuyamikira.

Che Jafali: Imayakadi, koma n'kuchedwetsa maliro. Tchipi cha zithunzi chimakhala pa timipira tating'ono tachitsulo tolumikizira mazanamazana. Tina tikasweka kapena tchipicho chikayamba kufa mkati, kutentha kumagwirizanitsa kwa kanthawi. Pakapita masabata kapena miyezi yochepa vuto limabwerera, nthawi zina bodi itapindika ndi mapulasitiki oyandikana atasungunuka. Mmisiri wachilungamo amakuuzani poyera kuti ichi n'chongoyatsira kuti mupulumutse mafayilo, ndipo salipiritsa ngati wakonza. Kukonza bodi kwenikweni n'kutsata njira ya magetsi ndi mita kuchokera polowera chaja, kupeza kachipangizo kamodzi kamene kapsa, kaya ndi MOSFET kapena capacitor, n'kukasintha. Mufunseni kuti "chapsa n'chiyani kwenikweni, ndionetseni". Wodziwa akulozerani. Wosadziwa angobwereza kuti "ndi bodi basi, amayi".

Aphunzitsi a ku Zomba: Mwanena zambiri za luso, koma tisaiwale pepala. Mukasiya makina mulandire lisiti kapena khadi yolembedwa dzina la shopu, tsiku, mtundu wa laputopu, nambala ya siriyo, zimene mwasiya monga chaja ndi chikwama, vuto limene mwanena, ndi zilema zimene ili nazo kale monga mng'alu pa kona. Mugwirizane zinthu zitatu musanachoke. Choyamba, ndalama yopimira ndi zingati, ndipo ichotsedwa pa mtengo wonse kapena ayi. Chachiwiri, asasinthe kapena kugula chilichonse asanakuimbireni. Chachitatu, chipangizo chakale chimene achotse akubwezereni m'manja. Chachitatuchi chimathetsa mabodza ambiri, chifukwa sangakulipiritseni fani yatsopano pomwe wangopukuta yakale.

Mtengo augawe pawiri: zipangizo padera, ntchito ya manja padera. Akapempha chikole, chikhale cha chipangizo chimene akukagula, osati ndalama yonse. Galanti ilembedwe pa lisiti lomwelo, masiku angati ndipo ikukhudza chiyani. Zinthu zikavuta, bungwe la Competition and Fair Trading Commission (CFTC) limalandira madandaulo a ogula, koma mukapita chimanjamanja opanda pepala nkhani imakhala ya mawu anu ndi mawu ake.

Madala Phiri: Aphunzitsi, amisiri ena aluso kwambiri ali pa kabenchi mumsika ku Limbe kapena ku Malangalanga, alibe bukhu la malisiti. Pomwe mashopu ena owala magalasi amangolandira makina n'kuwatumiza kwa wa pa kabenchi yemweyo, mtengo n'kuuwirikiza. Tisanyoze kabenchi.

Aphunzitsi a ku Zomba: Sindikunyoza, madala. Pepala la m'kope lokhala ndi siginecha ndi nambala ya foni ndi lisiti ndithu. Ngakhale uthenga wa pa WhatsApp wolemba siriyo ndi mtengo, iye n'kuyankha kuti "eya", ndi umboni. Chofunika ndi munthu wokhazikika pamalo amodzi, woti oyandikana naye akumudziwa kwa zaka. Ndipo mwakhudza funso labwino lofunsa pashopu iliyonse: ntchitoyi mugwira nokha pompano kapena mutumiza kwina? Makina akamadutsa m'manja ambiri m'pamene masikuluwu ndi RAM zimasowa.

Nabanda: Satifiketi ili ndi ntchito?

Bambo a Yamikani: Imathandiza koma siikwanira. CompTIA A+ kapena pepala la TEVETA limasonyeza kuti munthu anaphunzira maziko. Koma luso la manja limaonekera pa benchi. Yang'anani mmene akumasulira makina a munthu wina pomwe mukudikira. Masikuluwu akuwaika m'kabokosi kapena pa maginito motsatana, kapena angowamwaza pa tebulo? Masikuluwu a laputopu amasiyana kutalika, ndipo lalitali likalowa pa dzenje la lalifupi limaboola pulasitiki ya pamwamba kapena kukanda bodi. Akutsegula ndi kapulasitiki kopyapyala kapena akutema ndi mpeni? Akangotsegula, akuyamba wachotsa waya wa batire? Amene amagwira bodi batire ili yolumikizidwa, tsiku lina adzathetheka moto pa chingwe cha sikirini n'kupsereza fyuzi ya kuwala. Njira ina yabwino yopezera munthu ndi kufunsa amene amasamala makompyuta kusukulu, kutchalitchi kapena ku ofesi kuti iwo zikawakanika amapita kwa yani.

Mayi Gondwe: Tibwerere kwa uja wofomata. Kufomata kuli ndi malo ake, koma kwasanduka panado wa matenda onse chifukwa n'kosavuta ndipo kumalipira msanga. Kompyuta yochedwa nthawi zambiri vuto ndi hadi disiki yakale yozungulira kapena RAM ya 4GB. CrystalDiskInfo ikalemba Caution ndi mtundu wachikasu, disikiyo ili ndi malo owonongeka ndipo kuikamo Windows yatsopano n'kumanga nyumba pa chithaphwi. Mankhwala ake ndi SSD, disiki yamakono yopanda chozungulira mkati. Hadi disiki ya laputopu imawerenga pafupifupi 100MB pa sekondi, SSD ya SATA imafika pafupifupi 500MB, ndipo kusiyana kumaoneka pongoyatsa.

Akakuikirani SSD n'kunena kuti ndi yatsopano, tsegulani CrystalDiskInfo pompo muone Power On Hours. Yatsopano imaonetsa maola owerengeka. Ikaonetsa masauzande, mwagula kaunjika pamtengo wa m'sitolo. Yakale si yoipa ngati wakuuzani ndipo mtengo ukugwirizana. RAM nayo ili ndi mitundu: DDR3 ndi ya mavoti 1.5, DDR3L ndi ya 1.35, DDR4 ndi ya 1.2 ndipo siilowa pa kampata ka DDR3. Makina ofuna DDR3L akaikidwa DDR3 wamba amatha kukana kuyaka.

Che Jafali: Ndipo muone zimene akuikamo akafomata. Ambiri amaika Windows ndi Office zothyoledwa, ndipo kuti kapulogalamu kothyolerako kagwire amazimitsa Microsoft Defender n'kuisiya yozima. Mumachoka ndi makina opanda mlonda. Laputopu zambiri za kuyambira nthawi ya Windows 8 zili ndi kiyi ya Windows yosungidwa mu bodi momwemo, ndiye akaika mtundu woyenera, Home kapena Pro malinga ndi mmene inabwerera, imadzitsegula yokha ikalumikizidwa pa intaneti. Palibe chifukwa chothyolera. Zolembera, LibreOffice ndi yaulere ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel.

Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 October 2025. Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena yofanana nayo ya AMD. Pali njira zoikakamiza pa makina akale, ndipo imayenda, koma mmisiri akuuzeni kuti wachita zimenezo. Izi zikhudzenso chisankho chanu: ngati mtengo wokonza bodi wafika theka la mtengo wa laputopu ina yakale ya m'badwo watsopano, ndalamazo n'kwabwino kuziwonjezera n'kugula ina, disiki yakale n'kuiika m'kabokosi ka USB.

Nabanda: Pepani ndapatuka pang'ono. Pali ena amalengeza kuti amakonza kudzera pa intaneti, mungoika AnyDesk, pulogalamu yoyendetsera kompyuta munthu ali kutali.

Bambo a Yamikani: AnyDesk ndi TeamViewer ndi zida zenizeni, koma mukapereka nambala ija mwapereka mbewa ndi kiyibodi yanu kwa munthuyo. Chitani zimenezo ndi munthu amene mukumudziwa nkhope, inu mukuyang'ana sikirini nthawi yonse, ndipo mukamaliza muchotse pulogalamuyo. Uthenga wodzidzimutsa pa sikirini woti kompyuta ili ndi vairasi, imbani nambala iyi, ndi wa akuba. Microsoft saimbira anthu foni kuwauza za vairasi. Ndipo palibe ntchito yokonza kompyuta imene imafuna PIN ya Mpamba, ya Airtel Money kapena ya ku banki. Fani yodzaza fumbi ngati ya a Nachisale ndiye siingapukutidwe pa intaneti.

Madala Phiri: Kwa amene muli ndi makompyuta a pa tebulo ochokera ku America, onani kumbuyo kwa power supply, kabokosi kolowera magetsi. Ena akale ali ndi kabatani kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Magetsi athu ndi a 230. Kakakhala pa 115 n'kulumikiza, kuphulika kumamveka mpaka panja. Ndipo kompyuta yoiwala tsiku ndi nthawi magetsi akazima sikuti yafa: ndi kabatire kozungulira ka CR2032 ka mavoti 3, kofanana ndi ka mawotchi ena ndi ma remote a galimoto. Wokuuzani kuti pamenepo pakufunika bodi, thawani.

Nachisale: Ndachita mmene munanenera. Mafayilo ndakopera, zithunzi za Task Manager ndi siriyo ndajambula. Core Temp ikuonetsa 68 isakugwira kanthu, pa vidiyo yafika 97 kenako yazima. Fani ikulira koma mpweya ukutuluka wochepa kwambiri. Ndiye ndikapempha ntchito yanji kwenikweni, ndipo ndidziwa bwanji kuti yagwiridwa bwino?

Che Jafali: Ndi fumbi ndi thermal paste youma, phala lopakidwa pa purosesa kuti kutentha kuzichoka. Ntchitoyo kwa munthu wozolowera ndi ya pafupifupi ola limodzi, ndiye pemphani aigwire inu mulipo. Achotse chivundikiro cha pansi ndi waya wa batire. Amasule fani ndi chitsulo cha kopa chimene chimadutsa pamwamba pa purosesa. Kabulangeti ka fumbi kachotsedwe ndi kabulashi, osati kungopopera mpweya kuchokera panja, chifukwa kupopera kumangokankhira fumbilo mkati. Akamapopera agwire fani ndi chala kuti isazungulire mopitirira muyeso n'kuwononga bearing. Paste yakale aipukute ndi isopropyl alcohol mpaka pawale mbali zonse ziwiri, kenako aike yatsopano pang'ono, ngati njere ya mpunga. Muone chubu chake ndi maso anu, pakuti alipo amene amapaka girisi kapena mankhwala otsukira mano. Timapadi tofewa tokhala pa matchipi ena asatitaye. Masikuluwu a chitsulo cha kopacho ali ndi manambala 1, 2, 3, 4 pambali, amangidwe motsatira manambalawo pang'onopang'ono kuti chikhale mofanana. Ali mkatimo ayang'anenso batire. Ikakhala yotupa ngati mandasi ichotsedwe tsiku lomwelo, isabooledwe kapena kupanikizidwa.

Musanalipire, yatsani vidiyo yomweyo pashopu pomwepo kwa mphindi 30 kapena 40 Core Temp ili yotsegula. Isakugwira kanthu ibwerere ku ma 40 kapena 50, pa vidiyo isamayandikirenso 90. Yesani mabatani onse a kiyibodi mu Notepad, touchpad, Wi-Fi, sipika, kamera ndi mabowo onse a USB, popeza timawaya topyapyala timaiwalika pobwezeretsa. Werengani masikuluwu a pansi, tsegulani ndi kutseka sikirini kangapo mumve ngati mahinji akulira, kenako fananizani Task Manager ndi zithunzi zanu zija. Ikazimabe kutentha kuli pa 70, apo ndiye mubwere tikambe za chaja, batire ndi bodi.

Mayi Gondwe: Ndipo mwanayo mumuuze asiye kuiika pa bulangeti. Mabowo opumira ali pansi.